Dothi la Nchimunya

Mlongo wanga Edwell Thole sanabadwe ndi liwiro. Ndikunena ine Norah, amene ndinamubereka kumsana muno m'Matero, m'Lusaka, m'nyumba ya khansolo imene atate anapatsidwa akugwira ntchito kunjanji. Ukamutuma mchere pakantemba, kagolosale kapafupi pomwepa, ndiwo zinkapsa, kuphulidwa, mpaka kuzizira iye akali m'njira. Ndiye anthu akamandiimitsa pamsika pomwe ndimagulitsa salaula, zovala zija za kaunjika, n'kumati, "Ba Norah, mlongo wanu uja enze difenda wa zoona, sitizakaonapo futi wina," ine ndimangoti ee, zikomo. Zinazo ndimameza.

Thupi lokha analidi nalo: chifuwa chotambalala, ntchafu zosalowa m'kabudula wa sukulu, ndi mutu wouma woti mpira ukagunda pamenepo unkabwerera mpaka pakati pa giraundi. Sukulu inamukana ali giredi naini. Atate anamukwapula, amayi anamupempherera, ine ndinamutukwana, koma iye kukacha ankangopita kukathamangitsa chimpombwa, mpira uja womanga ndi mapulasitiki, m'fumbi ndi anzake. Kumeneko ndiko anakumana ndi Nchimunya.

Nchimunya anali mnyamata wa ku komboni ya George, Mtonga, wowonda ngati kwawo sankaphika. Atate ake anamwalira iye ali wakhanda, ndipo bamake ankagulitsa masamba a repu ndi tomato m'mbali mwa msewu. Anali wachibwibwi. Kuti amalize kunena "mwauka bwanji" unkatha kukatunga madzi n'kubwerako. Koma maso, mayo ine! Mwana ameneyo ankaona kumene mpira ukupita mwini wake woumenya asanaganize n'komwe. Timu ya fakitale ina yopanga misomali ku Heavy Industrial Area itabwera kudzasankha anyamata, inawatenga onse awiri tsiku limodzi. Dzina la timuyo linali lachingerezi, lalitali, palibe ankalitchula. Aliyense ankangoti ba Misomali. Giraundi yawo inali pakati pa Matero ndi George, kuseri kwa chigayo chakale, choncho tinkaitcha Pachigayo. Udzu unali m'makona mokha, kwinako fumbi lokhalokha.

Ntchito ya awiriwa inali iyi. Madifenda anayi amaima mzere umodzi kutsogolo kwa goli, awiri pakati. Adani akafuna kuponyera mpira sitiraika wawo, mzere wonse umathamangira kutsogolo nthawi imodzi, sitiraika uja n'kutsala yekha kumbuyo, wa mbendera n'kukweza kuti ofusayidi. Koma mmodzi yekha akachedwa, basi, mwamutsegulira munthu chitseko. Ndipo wochedwa, mwadziwa kale, anali wa kwathu. Nchimunya kukuwa sakanatha, mawu ankamukanirira pakhosi, ndiye anapeza njira yake. Ankapinda mlomo wam'munsi n'kuimba mluzu wakuthwa, womveka mpaka kuchigayo. Kamodzi, tuluka. Kawiri, bwerera. Edwell anasiya kuganiza, miyendo yake anangoipereka ku mluzuwo. Nchimunya kumanzere, iye kumanja, ndipo masitiraika a m'Lusaka monse anayamba kudwala m'mimba akamva kuti Loweruka ali Pachigayo.

Patapita nthawi awiriwa anasaina mapepala, anasiya ntchito yonyamula mabokosi a misomali kufakitale kuja, mpira unakhala ntchito yeniyeni. Edwell anagulira amayi furiji. Nchimunya ankadya kwathu kuposa kwawo, ndipo bele la salaula likafika ankalisenza pamutu kuchokera pasiteshoni ya maminibasi, osadikira kuti ndimupemphe. Ndikamuseka kuti lidzamuthyola khosi, ankati, "Ba s-s-sisi, ine nili na m-m-mphamvu," ine n'kufa nako kuseka. Ndinkamukonda mwana uja. Ndinene poyera, masiku ena ndinkamukonda kuposa wa m'mimba imodzi ndi ine.

Anamwalira mu Okutobala, masana, dzuwa lija loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ine ndinalipo, ndinaima kumbali ya khoma. Palibe anamukhudza. Mpira unali kutali, kugoli la adani. Ndinangomuona wagwira mawondo, kenako wagwada ngati akufuna kupemphera, kenako wagona chammbali. Woyamba kufika anali Edwell, ndipo tsiku limenelo anathamanga. Anakhala pansi, n'kuika mutu wa mnzake pantchafu zake, akumuitana, akumuthira madzi kumaso. Miyendo ya Nchimunya inapalasa fumbi pang'ono, kenako inaleka. Ambulansi kunalibe. Anamukweza m'lole ya sapota wina, momwe munali mchenga wotsala. Kuchipatala anati ndi mtima, koma kumeneko kunali kungokamva chabe. Munthu anathera pafumbi pomwe paja, m'manja mwa mlongo wanga.

Anakamuika kumudzi kwawo, kupitirira Monze. Patapita masiku, bamake anabwera Pachigayo ndi alongo awo awiri, madala ovala majekete. Banja lawo lili ndi mwambo wake. Munthu akafera panja, kutali ndi kwawo, kuika thupi lokha sikukwanira. Pamafunika kutapa dothi la pamalo pomwe anatsirizira, kumuitana dzina, kumuuza kuti kuno kwatha, tiyeni kunyumba, kenako kulinyamula dothilo osacheuka mpaka kukalithira pamanda. Mukapanda kutero, akuti munthu amangoima pomwepo, kudikira. Ndipo wotapa ayenera kukhala amene anamugwira pomaliza. Dzanja lina lililonse, womwalirayo salitsata.

Tsoka lake anafika Lachisanu, mawa lake kuli masewera aakulu. Muwadziwe bwino anthu a mpira. Amapemphera pakati pa giraundi atagwirana mapewa, maso ali tsinzi, koma akaona mlendo akutola ngakhale kamwala pafupi ndi goli, kwa iwo ndi mankhwala basi. Masapota anali akulondera giraundi kuyambira m'mawa. Ataona madala awiri achilendo akulowera kugoli ndi kakhasu ndi kapulasitiki, sanafunse kanthu.

"Mfiti izo! Batumiwa! Gwilani!"

Anawalanda kakhasu, wina anakankha mdala wamkulu mpaka chipewa chinagwa m'fumbi. Bamake Nchimunya akulira, akufotokoza kuti ine ndine mayi wa mnyamata wanu yemwe uja, koma ndani amve? Pomaliza masapota aja anati aitane Edwell, poti anali atangomupatsa ukaputeni. Anabwera. Kochi ali apo, tcheyamani ali apo, masapota amuzungulira, onse akumuyang'ana m'kamwa. Mlongo wanga, chimunthu chonse chija, anayang'ana pansi.

"Bamai, lelo sivingachitike. Mailo kuli gemu. Mubwele pa Mande, nizatapa neka."

Madala aja anatola chipewa, n'kuchikuntha. Anakwera basi tsiku lomwelo, atalumbira kuti malo otukwanirapo akuluakulu sadzapondapo. Bamake Nchimunya anati palibe kanthu, Lolemba si patali.

Koma pakati pa Lachisanu ndi Lolemba panali Loweruka.

Ine ndinapita kukaonera mtima uli m'mwamba, chifukwa ndinkadziwa kuti popanda mluzu uja Edwell ndi chipika. Kumanzere kwake anaikako mnyamata watsopano wa ku Chawama, woti ngakhale iye mwini ankanjenjemera. Masewera atangoyamba, wa adani anadzutsa mutu kuti aponye mpira. Ndinangoona Edwell wathamangira kutsogolo, dzanja m'mwamba, anzake akumutsata. Mbendera inakwera. Kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu anabwerera m'mbuyo palibe aliyense akuona chifukwa, ndipo mpira unabwera kudzatera pamutu pake penipeni. Anthu anapenga. Ine ndinazizidwa, chifukwa chibadwire mlongo wanga anali asanayambepo kuona chinthu anzake asanachione.

Madzulo ake anafika kunyumba, n'kukhala pakhonde nsapato za mpira zikali kumapazi. Chakudya anachikana. Kunja kukutentha choncho, iye khungu lonse lili ndi tsembwe.

"Ba Norah, namumvela," anatero.

"Wamumvela ndani?"

"Nchimunya. Aliko. Ali pamene paja, ku lefuti kwanga. Aliza mluzu monga kudala."

Ndinamumenya paphewa, ndinati ndi chisoni chabe, upite kwa abusa. Koma chomwe chimandipweteka mpaka lero n'choti uku akunjenjemera, uku pakamwa pake panali kumwetulira. Lolemba bamake Nchimunya atafika ndi kansalu koyera komangira dothi, anawauza kuti akuluakulu a timu akali okwiya, adikire ligi ithe. Bodza lenileni. Akuluakuluwo anali ataiwala kale.

Ligi inatha, ina inayamba. Dzina la Edwell Thole linakula. Pachigayo palibe ankadutsa, moti anamutcha Chipupa. Koma timu ikapita ku Kabwe kapena ku Mazabuka, Chipupa chija chinkasanduka Edwell wanga wa mchere: kuchedwa kutuluka, kuchedwa kubwerera, anyamata akumudutsa mbali zonse. Ena ankati amadwala ulendo. Ena ankati pali chimene anakwirira Pachigayo, ndipo amenewo anali pafupi ndi zoona kuposa mmene ankadziwira. Timu ina yaikulu ya ku Kitwe inabwera kudzamufuna, nyumba, galimoto, zonse. Anakana. Pawailesi anamutamanda kuti ndi mwana wokonda kwawo, wosagulika, achinyamata atengere chitsanzo. Ine ndinkazimitsa wailesiyo.

Sikuti anthu sankaona zachilendo. Tsiku lina refa anaimitsa masewera popanda cholakwa, n'kuyamba kuwerenga osewera a Misomali ndi chala, ngati achuluka ndi mmodzi. Anawerenga, anapukusa mutu, anawerenganso, kenako anapukuta kumaso n'kuyambitsanso mpira. Anthu anaseka kuti waledzera. Tsiku linanso sitiraika wina anatembenuka mokwiya kuti amenye amene wamukoka jezi, koma kumbuyo kwake kunali fumbi lokha. Anapempha yekha kuti amutulutse. Pa hafu taimu, anzake akulowa m'chipinda, Edwell ankatsala, n'kuthira botolo lathunthu la madzi pamalo paja pomwe Nchimunya anagwera. Masapota ankaomba m'manja kuti kaputeni akukumbukira mnzake. Opusa inu! Ankamwetsa wantchito wake.

Ine ndinadzionera ndekha tsiku limodzi, ndipo sindifuna kudzaonanso. Amayi anadwala mwadzidzidzi, foni ya Edwell siinkayankhidwa, ndiye ndinapita kukamufuna Pachigayo. Inali nthawi ya nkhomaliro, dzuwa lili paliwombo, chigayo chazima chifukwa magetsi anali atapita. Giraundi yonse zii. Iye anali yekhayekha kutsogolo kwa goli, wopanda mpira, atawerama pang'ono monga amachitira masewera ali mkati. Ankapita kutsogolo, kuima, kubwerera, kusunthira kumanja ngati akupatsa munthu malo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuitane. Pomwepo mluzu uja unamveka, kamodzi, wakuthwa, kuchokera pomwe panalibe munthu. Milomo ya Edwell ndinkaiona, inali yotseka. Iye anathamangira kutsogolo, dzanja m'mwamba. Ine ndinangokhala pansi pageti pomwepo, ndipo chitenje ndinakachichapa kunyumba.

Nthawi yonseyi bamake Nchimunya ankabwera. Ligi ikamayamba ankabwera, ikamatha ankabwera. Sankakalipa. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Ankakhala pamphasa kwathu, miyendo atatambasula, n'kufotokoza maloto awo, omwewomwewo chaka ndi chaka.

"Nimamuona aimilile pa zuba, avala jezi yake ija. Milomo yauma, yang'ambika. Sakamba vilivonse. Ayangana chabe ku geti."

Edwell ankagwada bwinobwino, n'kuwagulira shuga ndi mafuta, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. "Bamai, manje-manje. Chaka chino chabe." Iwo ankati zikomo mwana wanga. Anayamba kuwonda, maso anachita nkhungu, repu anasiya kugulitsa chifukwa anyamata a m'komboni ankawabera akuona kuti saona bwino. Ndinapita ndekha kwa tcheyamani, ndinapita kwa abusa, koma zinathandiza chiyani? Dzanja lofunika linali limodzi, ndipo mwini wake ankaliika m'thumba.

Tsiku lina nditawaona mayiwo akufufuza chitseko chathu ndi manja potuluka, zinandikwana. Ndinadikira abwere kowaperekeza, ndinatseka chitseko, ndinaima pakhomo.

"Iwe Edwell, munthu wakufa wamulemba nchito? Ulibe nsoni? Bamake basila, uona na menso yako!"

"Ba Norah, imwe simuziba bola."

"Bola ya chani! Ine niziba mwana wa bene aimilile pa zuba myaka yonse iyi, kuti iwe bakuombele mumanja!"

Anakhala pampando, n'kugwira mutu. Atayankhula, mawu ake anali a kamwana kaja ndinkakabereka.

"Nikamuchosa, ine nasila. Muniziba mwamene nilili. Nizabwelela kunyamula mabokosi. Futi tinapangana na eve kuti tizakweza timu mu ligi ikulu, tibili. Ngati safuna, nanga alizila chani mluzu?"

"Nanga achite chani china? Ndiye cheka chamene wamusiyila!"

Analira. Inenso ndinalira, koma chitseko sindinatsegule mpaka atalumbira. Anati timu ikangokwera ligi yaikulu, sabata yomweyo adzatapa dothi, adzalinyamula yekha mpaka kupitirira Monze, adzagwada pamaso pa madala aja. Ndinamukhulupirira, ndipo ndikuganiza kuti iyenso ankadzikhulupirira.

Chaka chimenecho anakweradi. Masewera omaliza anali Pachigayo, mu Novembala, mitambo itayamba kuda. Edwell anasewera ngati ali ndi maso kunkhongo. Refa ataimba wezulo yomaliza, Matero ndi George yonse inalowa m'giraundi, anamunyamula pamapewa, maminibasi akuliza mahutala mpaka ku Lilanda. Ine ndinadzipanikiza m'chigulumo mpaka ndinamugwira mwendo.

"Mailo kuseni! Nizabaleta bamake!"

Anawerama ali m'mwamba momwemo. "Mailo kampani ititenga ku Siavonga, tikapumule. Nikabwela chabe, ba Norah. Sabata imozi siipaya muntu."

Chomwe tonse sitinaganize n'choti ligi yaikulu siilola giraundi ya fumbi. Pamafunika udzu, ndipo eni fakitale, atasangalala, anafuna audzale mvula yoyamba isanapite. Lachitatu mayi wogwira ntchito kuchigayo anabwera pamsika akuthamanga, n'kundiuza kuti Pachigayo pali chigiredala, chimakina chosenda dothi. Ndinasiya salaula osaphimba. Nditafika, ndinapeza giraundi yonse yasendedwa kuchokera goli ili mpaka goli lija, kuya kofika m'mawondo, pansi patsala dothi lofiira lolimba. Milu inali itatha. Tipa yomaliza inali ikutuluka pageti. Ndinaima kutsogolo kwake manja m'mwamba, dalaivala n'kutulutsa mutu akutukwana.

"Dothi ya apa mwapeleka kuti?"

"Ku Kanyama, mami. Mvula yafika, bantu bafuna yofaka mu mayadi na mu migodi za mu miseu. Chokani apo!"

"Ku Kanyama pati?"

Anaseka. "Paliponse pamene batiimika. Uyu hafu, uyu wilibala zibili. Kuchokela pa Mande tili kutaya."

Aliyense wodziwa Kanyama akudziwa tanthauzo lake. Komboni yonse ija, misewu yopanda maina, madzi akadzaza amalowa m'nyumba mpaka m'mabedi, ndipo aliyense amathira pakhomo pake dothi lililonse lomwe wapeza.

Edwell anabwera Loweruka, atavala kapu yatsopano ya kampani. Ndinamudikira pageti pa giraundi. Ndinangomusiya aone. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pomwe panali malo aja, anavula kapu, anaima. Anapendeketsa mutu kumanzere. Anadikira. Kenako anagwada, n'kugona chafufumimba, khutu pansi pa dothi lofiiralo, anthu oyala mapaipi othirira udzu akumuyang'ana. Atadzuka, tsaya lonse lili lofiira, nkhope yake inali ya munthu amene wabwera kunyumba n'kupeza akuba atenga ndi chitseko chomwe.

"Kulibe," anatero. "Ba Norah, kulibe."

Ndinkafuna kumulalatira, mawu ndinali nawo odzaza m'kamwa kuyambira Lachitatu. Ndinawameza. Ndinangomugwira dzanja, n'kumuuza kuti ku George tipita limodzi, koma wokamba ndi iwe.

Tinawapeza bamake Nchimunya pakhomo pa kachipinda kawo, atavala kale diresi la kutchalitchi ndi nsapato. Anali atamva kuti timu yabwera. Atamva mapazi athu anamwetulira, n'kuyamba kudzuka.

"Wabwela, mwana wanga? Ine nakonzeka. Nauza na balongosi banga kumunzi, bakuti bazamulandila."

Edwell anagwada m'fumbi, n'kuwauza. Sanabise, ndimupatse zimenezo. Ananena za chigiredala, za matipa, za Kanyama, ndiponso za mluzu, kuyambira Loweruka loyamba lija. Mayiwo anakhalanso pansi. Anaika manja pamiyendo. Ana a aneba omwe anabwera kudzaona Chipupa anabalalika okha.

"Nenze kuziba pamene alili," anatero pomaliza. "Nikachoka ku chechi nenze kupitila ku chipupa cha giraundi, nagwila, namuuza kuti limba, nizabwela kukutenga. Manje nizagwila pati?"

Edwell anawerama, mayiwo n'kupitiriza.

"Sinizakutembelela. Ni iwe weka wamene angakonke. Niletele mwana wanga."

Za ligi yaikulu palibe zambiri zoti ndinene. Udzu unamera Pachigayo, wobiriwira, wokongola, ndipo pa udzu umenewo mlongo wanga anachedwa kutuluka, anachedwa kubwerera, Loweruka lililonse, anthu a pa TV akuonetsa mobwereza. Omwe anamunyamula pamapewa ndi omwe anayamba kukuwa kuti mdala apume. Ligi isanafike pakati anamuchotsa m'timu. Sanatsutse. Eni fakitale anamumvera chisoni, anati akhale mlonda wa pageti kapena aziphunzitsa ana. Anakana zonse. Anagulitsa nsapato zake za mpira, anagula wilibala, n'kukachita lendi kachipinda ku Kanyama.

Ndiyo ntchito yake mpaka lero. Amanyamula makala, matumba a ufa, mabuloko, chilichonse. Anzake a mawilibala amakana katundu wopita mkatikati mwa komboni, komwe nthawi ya mvula madzi amafika m'chiuno, koma iye ndi amene amamufuna ameneyo. Amalowa yadi iliyonse yomwe amulola. Akaona pomwe dothi lasiyana mtundu ndi linzake, pakhomo pa munthu, pakhonde la bala, pakati pa msewu, amatsitsa wilibala, n'kuima, mutu atapendeketsa. Eni katundu amakalipa. Ena amamuzindikira n'kumati, "Si Chipupa uyu? Mowa wamuononga," pomwe sanalawepo n'kamodzi komwe. Anandiuza kuti kawiri konse anaumva mluzu uja, chapatali, kuseri kwa nyumba, koma atazungulira anapeza pali zii. Sindidziwa ngati ndi zoona kapena mutu wayamba kumusokonekera. Mkwiyo wanga unatha kalekale, chatsala ndi chisoni.

Lamlungu lililonse amapita ku George. Mwezi wathawu ndinapita naye, chifukwa aneba anatumiza mawu kuti mayi aja afooka. Tinawapeza ali gone pamatiresi, maso saonanso, thupi latsala mafupa. Mayi wa pakhomo loyandikana anatinong'oneza kuti chakudya akukana, madzi okha ndi supuni, ndipo a kutchalitchi anabwera kale kawiri kudzawapempherera zotsanzikana, koma iwo ali pomwepo. Atamva kupuma kwa munthu pakhomo anatembenuza mutu.

"Edwell?"

"Ndine, bamai."

"Wamupeza?"

"Nikali kusakila, bamai."

Anatambasula dzanja, iye analigwira. Anamusisita zala chimodzichimodzi, zala zija zodzaza zikang'a za wilibala.

"Ine nalema maningi, mwana wanga. Thupi ifuna kugona. Koma nikafika kuja, batate bake bazanifunsa kuti mwana wamusiya kuti. Nizayankha chani?"

Edwell anabwezera dzanja lawo pabulangeti bwinobwino, n'kutuluka. Kunja mvula inali itayamba kuwaza. Ndinamuitana kuti tiyeni kunyumba mukadye, koma sanatembenuke, analowera njira ya ku Kanyama.